Godfrey Chitalu, Katswiri wa Zigoli 107

Kodi munamvapo dzina lakuti Ucar? Ngati simunalimvepo, kafunseni ambuya anu, kapena munthu wina wamkulu amene akonda bola. Mudzaona, ambiri adzayamba amwetulira asanakuyankheni. Ucar linali dzina la pabwalo la Godfrey Chitalu. Iye anali wosewera mpira wa kuno kwathu ku Zambia. Nchito yake inali kumwetsa zigoli, ndipo anaigwira kwa zaka zambiri. Kufikira lero, palibe wosewera wina amene anamwetsera timu ya dziko lathu zigoli zoculuka kuposa iye.

Mwana wa ku Mikomfwa

Godfrey anabadwa pa 22 Okutobala mu 1947, m'tauni ya Luanshya ku Copperbelt. Masiku amenewo dzina la dziko lathu linali Northern Rhodesia, ndipo olamulira anali anthu a ku Britain. Luanshya inali tauni ya mgodi wa mkuwa, umene ambiri timangoti kopa. Tsiku ndi tsiku azibambo anali kulowa pansi pa nthaka kukakumba miyala ya kopa. Ana anali kupita kusukulu, ndipo akakomboka anali kuthamangira ku bola.

Banja la a Chitalu linali kukhala mu komboni ya Mikomfwa. Ana ambiri a mu komboni analibe mpira wogula kusitolo. Anali kutola nsanza ndi mapepala, n'kuzikulunga, n'kuzimanga zolimba ndi cingwe. Basi, bola yapezeka! Ndi ija inu mumati cimpombwa. Miyala iwiri uku, miyala iwiri uko, amenewo ndiwo magolo. Nanga nsapato? Nsapato kunalibe. Anyamata anali kuchaya bola ndi mapazi cabe, pa fumbi, mpaka dzuwa kulowa. Wina akapunthwa cala pa mwala, anali kukhala pansi pang'ono, kenako n'kubwereranso. Umu ndi mmene Godfrey anayambira.

Pamene anali ndi zaka 10, anamutenga mu timu ya pasukulu pao. Zaka 10 cabe! Ena a inu mudzazikwanitsa caka camawa. Posapita nthawi anayambanso kusewera mu kalabu ya acinyamata ya m'tauni momwemo. Anamuika kutsogolo, pamalo a munthu womwetsa zigoli. Malo amenewo anakhala ake mpaka pamene analeka kusewera.

Patapita nthawi, Godfrey anasamukira ku Kitwe kukakhala ndi mkulu wake. Kitwe ili pafupi ndi Luanshya, koma ndi tauni yokulirapo. Kumeneko anapitiriza sukulu ndi mpira. Anayambanso masewera ena, a nkhonya. Inde, Godfrey anali woponya nkhonya! Masewera amenewa amalimbitsa thupi, ndipo amacotsa mantha. Koma akulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Anafunika kusankha cimodzi, ndipo anasankha bola.

Pa 24 Okutobala mu 1964, dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira, n'kukhala Zambia. Godfrey anali atangokwanitsa zaka 17 masiku awiri m'mbuyomo. Ndi pa nyengo imeneyi pamene akuluakulu a timu ya Kitwe United anamuona akusewera, n'kumutenga. Timu imeneyi kwao ndi ku Buchi, ndiye cifukwa cake anthu amaicha Buchi Boys.

Mtima wapacala

Godfrey anali ndi zonse zimene wosewera wa kutsogolo afunika kukhala nazo. Anali ndi liwiro. Anali ndi mphamvu, moti munthu akamukankha sanali kugwa msanga. Akaumenya mpira, unali kupita ngati mwala wa pa legeni. Golikipa anali kumva kuwawa m'manja, ngati waugwira n'komwe. Komanso Godfrey sanali kuopa munthu aliyense, ngakhale wamkulu thupi kuposa iye.

Koma anali ndi vuto limodzi lalikulu. Anali wa mtima wapacala, ndiye kuti anali kupsa mtima msanga. Osewera a matimu ena anazindikira zimenezi. Poona kuti pa liwiro sangamupeze, anali kumuchera mwendo ndi kumuputa dala. Godfrey sanali kupirira. Anali kubwezera. Nthawi zina anali kukangana ndi woimbira mpira, uja timati refu. Mwa ici, anali kupezeka m'mavuto kawirikawiri.

Pali nkhani ina ya mu 1967 imene anthu akali kuikamba. Godfrey anali kukonda kwambiri wosewera wina wa ku Scotland, dzina lake Denis Law. Ameneyu anali kumwetsera zigoli timu ya Manchester United ku England. Tsiku lina, pa masewera a ku Kitwe, Godfrey anaphwanya lamulo la mpira. Masiku amenewo makadi acikasu ndi ofiira kunalibe. Wosewera akalakwa, refu anali kumufunsa dzina n'kulilemba m'kabuku kake. Refu atamufunsa, Godfrey anayankha kuti dzina lake ndi Denis Law. Refu sanaseke ai. Anamutulutsa m'bwalo pomwepo.

Nkhaniyi imaseketsa, ndi zoona. Koma taganizirani anzake amene anatsala m'bwalo. Timu ya mpira imakhala ndi osewera 11. Mmodzi akatulutsidwa, salowa wina m'malo mwake. Otsalawo, anthu 10, amafunika kuthamanga kwambiri kuti atseke mpata wa mnzao. Nanga wotulutsidwayo akakhala kuti ndiye womwetsa zigoli, adzamwetsa ndani? Panalinso nthawi pamene akuluakulu oyang'anira mpira anamuletsa kusewera kwa kanthawi. Luso lake lonse lija likanatha kutayika cifukwa ca mkwiyo.

Mu 1968, akuluakulu a Kitwe United anacita cinthu codabwitsa. Anasankha Godfrey kukhala kaputeni wa timu. Anali ndi zaka 20 cabe. Kaputeni ndiye mtsogoleri wa anzake m'bwalo. Anzake akakwiya, iye ndiye amawaletsa. Akafooka, iye ndiye amawalimbikitsa. Tsono kaputeni angaletse bwanji ndeu ngati woyambitsa ndi iye yemwe? Godfrey anayamba kudzigwira. Mkwiyo sunathe tsiku limodzi ai. Unali kubwerabe nthawi zina, ngakhale atakula. Koma mphamvu zake zambiri anayamba kuzithera pa mpira, osati pa anthu.

Zipatso zake zinaoneka caka comweco. Anamwetsa zigoli 81. Anaitanidwa kukasewera mu timu ya dziko kwa nthawi yoyamba. Caka cimeneco ndi pamenenso inayamba mphoto ya wosewera wopambana onse mu Zambia. Munthu woyamba kuilandira anali Godfrey Chitalu. Anailandiranso mu 1970.

Dzina la mabatiri

Mu 1971, Godfrey anacoka ku Kitwe United n'kupita ku Kabwe Warriors. A ku Kitwe sanafune kumutaya, moti matimu awiriwa anayamba alimbana pa nkhani ya ndalama asanagwirizane. Kabwe ili pakati pa Lusaka ndi Copperbelt. Ndi tauni ya njanji, ndipo Kabwe Warriors inali timu ya kampani ya sitima, ya Zambia Railways. Bwalo lao linali ndi dzina lakuti Railway Stadium. Bwalo limeneli musaliiwale.

Ku Kabwe anapeza anzake odziwa bola, monga Boniface Simutowe ndi Sandy Kaposa. Womwetsa zigoli sagwira nchito yekha. Pamafunika wina wolanda mpira kwa a timu inayo, wina woupititsa kutsogolo, ndi wina womuikira pa phazi pa nthawi yake. Ku Warriors anthu otere analipo.

Nanga dzina lija la Ucar linacokera kuti? Masiku amenewo nyumba zambiri zinalibe magetsi. Usiku anthu anali kuunikira ndi tochi, ndipo nkhani anali kumvera pa wailesi. Tochi ndi wailesi, zonse zinali kufuna mabatiri. M'masitolo munali mabatiri a dzina lakuti UCAR, amene anali kudziwika kuti satha mphamvu msanga. Godfrey naye anali cimodzimodzi. Masewera a mpira amatenga mphindi 90. Pofika kumapeto, osewera ambiri amakhala atalema, manja ali m'ciuno. Koma iye anali kuthamangabe monga wangoyamba kumene. Motero anamucha Ucar, ndipo dzinalo linamukanirira.

Anthu ambiri amene anali kukonda Ucar sanamuonepo ndi maso. TV inali m'nyumba zocepa cabe. Ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, anthu anali kuzungulira wailesi imodzi pansi pa mtengo kapena pa khonde la sitolo. Woulutsa mpira wochuka anali a Dennis Liwewe. Iwo anali kukamba mofulumira ndiponso mokweza, moti womvera anali kuona ngati ali pabwalo pomwepo. Mpira ukayandikira pagolo, mau ao anali kukwera, ndipo omvera anali kulephera kukhala pansi. Tangoganizani: wailesi yoyendera mabatiri, ikuchula munthu wa dzina la mabatiri!

Caka ca 1972

Ngati pali caka cimodzi cofunika kucisunga pamtima m'nkhani ino, ndi 1972.

Caka cinayamba ndi mpikisano wa matimu opambana a m'maiko a mu Africa. Kabwe Warriors inakumana ndi Majantja, timu ya ku Lesotho. Masewera oyamba anacitikira ku Lesotho, ndipo anathera 2 kwa 2. Zigoli zonse ziwiri za Warriors anamwetsa ndi Ucar. Kenako mu Febuluwale a Majantja anabwera kuno ku Zambia. Tsiku limenelo Warriors inapambana 9 kwa 0. Pa zigoli 9 zimenezo, 7 zinali za munthu mmodzi. Tawerengani zala zanu: dzanja limodzi lonse, ndi zala ziwiri za dzanja linalo. Zonsezo m'masewera amodzi! Pali osewera ena amene amatha caka cathunthu osafika pa zigoli 7.

Atayamba masewera a m'dziko muno, Ucar sanaleke. Anali kumwetsa mu ligi. Anali kumwetsa m'masewera a zikho. Anali kumwetsanso akavala malaya a timu ya dziko. Lero ziwiri, sabata yamawa zitatu, tsiku lina zinai. Ochinga kumbuyo anayesa njira zao zonse, koma sizinathandize. Kabwe Warriors inatenga ligi, n'kutenganso zikho zonse zimene zinalipo mu Zambia caka cimeneco. Anzao sanawasiyireko ngakhale cimodzi.

Pakutha pa nyengo ya mpira, zigoli za Ucar zinawerengedwa. Zinakwana 107. Anamupatsa mpira wapadera umene analembapo dzina lake ndi nambala imeneyi. Cithunzi cake atanyamula mpirawo cikalipo mpaka lero. Analandiranso mphoto ya wosewera wopambana onse, kacitatu tsopano.

Kodi zigoli 107 ndi zambiri motani? Tiyeni ticite masamu pang'ono. Caka cili ndi masabata 52. Tinene kuti munthu amwetsa zigoli ziwiri sabata iliyonse, osaphonya ngakhale sabata imodzi. Pakutha pa caka adzakhala ndi zigoli 104. Kuti amupeze Ucar, afunikabe zina zitatu. Ndipo kumbukirani kuti mpira suseweredwa caka conse. Pali miyezi imene osewera amapumula.

Ucar pa benchi

Mwina muganiza kuti munthu wotere anali kuyamba masewera alionse a timu ya dziko. Sizinali tero ai. Timu ya dziko masiku amenewo anali kuicha KK Eleven, potengera dzina la a Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa Zambia. Dzina la Chipolopolo linabwera pambuyo pake. Mphunzitsi wa timuyi anali a Ante Buselic, ocokera ku Yugoslavia. Iwo anali ndi kaseweredwe kao kamene anali kufuna. Analinso ndi anyamata ena akuthwa kutsogolo, monga Bernard Chanda ndi Simon Kaushi. Motero nthawi zambiri masewera anali kuyamba Ucar ali pa benchi.

Mu 1974, Zambia inapita kwa nthawi yoyamba ku mpikisano wa cikho ca maiko a mu Africa. Mpikisanowo unacitikira ku Egypt. Ucar anapita nao, ndipo anamwetsa cigoli pamene Zambia inasewera ndi eni dziko. Anyamata athu anadabwitsa anthu. Anafika mpaka pa masewera otsiriza, pamene anakumana ndi Zaire, dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo. Masewerawo anathera 2 kwa 2. Anabwereza patapita masiku awiri, ndipo Zaire inapambana 2 kwa 0. Cikho cinatipulumuka m'manja.

Pambuyo pake zinthu zinamuvuta Ucar. Kwa nthawi yaitali, pafupifupi zaka ziwiri, sanaitanidwe ku timu ya dziko. Zimawawa kumvera pa wailesi anzako akusewera, iwe uli kunyumba. Komanso anali kuyandikira zaka 30, msinkhu umene osewera ambiri amayamba kufooka. Godfrey wakale uja, wa mtima wapacala, mwina akanakwiya n'kuusiyiratu mpira. Uyu sanatero. Anapitiriza kusewera ndi kumwetsera zigoli Kabwe Warriors, mpaka akuluakulu anaona kuti sangamusiye kunja.

Mu 1977 anamuitananso. Mphunzitsi tsopano anali wina, a Brightwell Banda. Zambia inali kulimbana ndi Uganda pofuna malo ku mpikisano wa dziko lonse lapansi, wa World Cup. Ucar anamwetsa zigoli ziwiri, Zambia n'kupambana 4 kwa 2. Mabatiri anali akali ndi moto!

Mu 1978 analandiranso mphoto ija ya wosewera wopambana onse. Mu 1979 anaitenganso. Yonse pamodzi anailandira kasanu: mu 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Kucokera pa mphoto yoyamba kufika pa yotsiriza panapita zaka 11. Mwana amene anabadwa caka ca mphoto yoyamba anali atakula kuposa inu pamene Ucar anali kulandira yotsiriza.

Mu 1980, Zambia inapita ku masewera a Olympics a ku Moscow, likulu la dziko la Soviet Union. Kumeneko sizinatiyendere bwino. Tinagonja m'masewera onse atatu, ndipo tinamwetsa zigoli ziwiri cabe. Cimodzi tinamwetsa eni dziko, cina tinamwetsa Venezuela. Kodi munganene amene anamwetsa zonse ziwiri? Ndi Ucar yemwe uja, ali ndi zaka 32. Pa moyo wake wonse anasewerera Zambia masewera 111, n'kumwetsa zigoli 79.

Ulendo wa ku Senegal

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, Ucar analeka kusewera. Kuyambira pano tiziwachula kuti a Chitalu, pakuti tsopano ndi bambo wamkulu, wophunzitsa anyamata. Iwo sanacoke ku Kabwe Warriors. Anakhala mmodzi wa oyang'anira timu, kenako mphunzitsi wake. Panthawi ina Warriors inatsika mu ligi yaikulu. Mu 1991 a Chitalu anaibweza, ndipo analandira mphoto ya mphunzitsi wopambana onse pa caka.

Pambuyo pake anawasankha kukhala mphunzitsi wa timu ya dziko. Wowathandiza anali a Alex Chola, amenenso kale anali katswiri wa bola. Timu imene anapatsidwa inali yamphamvu kwambiri. Ena mwa anyamatawo anali atagonjetsa Italy 4 kwa 0 ku masewera a Olympics a mu 1988. Pagolo panali Efford Chabala. Munalinso Wisdom Chansa, Derby Makinka, ndi mnyamata wina wakuthwa, Kelvin Mutale. Colinga cao cinali cimodzi: kupita ku World Cup ya mu 1994 ku America. Zambia inali isanapiteko ku mpikisano umenewu. A Chitalu anali kufuna kuti kumene iwo analephera kufika, anyamata ao akafike.

Pa 25 Epulo mu 1993, timuyi inagonjetsa Mauritius 3 kwa 0. Zigoli zonse zitatu anamwetsa ndi Kelvin Mutale. Atabwera kunyumba, ananyamukanso kupita ku Senegal kukasewera masewera ofunira malo ku World Cup. Anakwera ndeke ya asilikali a Zambia Air Force. Senegal ili kutali, kumadzulo kwa Africa, motero ndekeyo inafunika kuima m'njira kuti ithire mafuta. Inaima ku Brazzaville. Kenako inaimanso ku Libreville, likulu la dziko la Gabon. Usiku wa pa 27 Epulo, itangonyamuka pa Libreville, injini imodzi inagwira moto. Ndeke inagwera m'nyanja yaikulu ya Atlantic, pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 amene anali m'ndekemo anamwalira. Pa anthu amenewa, 18 anali osewera. A Chitalu ndi a Chola analinso momwemo. A Chitalu anali ndi zaka 45.

Kutaca, uthenga unamveka pa wailesi, wailesi yomwe ija imene kale inali kuchula zigoli za Ucar. Dziko lonse linalira maliro. Matupi ao anawabweretsa ku Lusaka, n'kuwaika pamodzi kunja kwa bwalo la Independence Stadium. Malo amenewa amachedwa Heroes' Acre, ndiye kuti manda a ngwazi. Caka ciliconse kumapeto kwa Epulo, abale ao ndi anthu okonda mpira amasonkhana pamenepo kuwakumbukira.

Osewera ena ocepa sanakwere ndeke ija. Mmodzi wa iwo anali Kalusha Bwalya, amene panthawiyo anali kusewera ku Netherlands. Iye anatsogolera timu yatsopano, ndipo mu 1994 inafika pa masewera otsiriza a cikho ca Africa, koma inagonja kwa Nigeria. Cikho cinatipulumukanso. Tinayembekezera zaka zina 18. Mu 2012, masewera otsiriza a cikho cimeneci anacitikira ku Libreville, mzinda womwe uja. Asanasewere, anyamata a Chipolopolo anapita ku gombe la nyanja kukaika maluwa. Pa 12 Febuluwale anagonjetsa Ivory Coast pa mapenati, 8 kwa 7. Cikho cimene a Chitalu anaciphonya mu 1974 cinafika ku Zambia.

Ndani anawerenga zigoli?

Kumapeto kwa caka comweco ca 2012, dzina la a Chitalu linamveka kutali, ngakhale kumaiko kumene anthu anali asanalimvepo. Cinacititsa ndi ici. Lionel Messi wa ku Argentina, amene anali kusewerera Barcelona, anamwetsa zigoli 91 m'caka cimodzi. Manyuzipepala a maiko ambiri analemba kuti palibe munthu anafikapo pamenepo. Anati Messi waposa Gerd Müller wa ku Germany, amene anamwetsa zigoli 85. Kodi mudziwa caka cimene Müller anamwetsa zigoli zakezo? Ndi 1972, caka comwe cija ca Ucar!

Anthu a ku Zambia anadabwa. Nanga zigoli 107 za ku Kabwe zapita kuti? Bungwe loyang'anira mpira m'dziko lathu, la FAZ, linakumbutsa dziko lonse lapansi za a Chitalu. Bungwe la FIFA, limene limayang'anira mpira m'maiko onse, linayankha kuti silisunga ciwerengero ca zigoli za m'maligi a dziko lililonse. Motero silinagamule mlanduwo.

Yankho limeneli silinakondweretse anthu kuno kwathu, ndipo m'pomveka. Messi ndi katswiri weniweni, palibe wotsutsa. Koma zigoli zake zonse zinajambulidwa, ndipo munthu angazionerere lero lomwe. Masewera ambiri a Ucar analibe wowajambula. Cimene cinatsala ndi manyuzipepala akale, ndi anthu amene analipo pabwalo.

Wofufuza wina wa kuno ku Zambia, a Jerry Muchimba, anacita nchito yofuna kudekha. Anafunafuna manyuzipepala a mu 1972, n'kuwerenga masewera amodziamodzi, cigoli cimodzicimodzi. Anapeza kuti zigoli 107 zija zilipodi. Anapezanso cina. Zigoli 9 zija zimene Ucar anamwetsa Majantja sizinawerengedwe pa 107, cifukwa anazimwetsa nyengo ya mpira wa m'dziko muno isanatsegulidwe. Taphatikizani nokha 107 ndi 9. Mupeza 116.

Ku Kabwe, bwalo lija la Railway Stadium analisintha dzina. Tsopano ndi Godfrey Ucar Chitalu 107 Stadium. Nambala ija ili pa dzina lenileni la bwalo, ndipo Kabwe Warriors ikali kusewerera pomwepo. Mukadzapita ku Kabwe, mukapemphe kuti akakuonetseni.